Lipoti la ntchito: thabwa la mfuti limene mafuta ake anakana kuuma

Mfuti ya m'nkhaniyi ndi ya mipope iwiri yogundizana, ya 12 bore (muyezo wa kukula kwa mipope), ya mtundu wa boxlock (zitsulo zoombera zimakhala mkati mwa chitsulo chimodzi chonga bokosi), kapangidwe kamene amisiri a mfuti Anson ndi Deeley anatulukira ku Birmingham mu 1875 ndipo mafakitale ambiri akhala akukatengera mpaka lero. Thabwa lake ndi la mtengo wa walnut wa ku Ulaya, la mizere yowongoka bwino pogwirira, yopotana pang'ono chakuthako. Eni ake ndi bambo ena achikulire amene amasaka nayo mbalame, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa. Dandaulo lawo linali limodzi: anapaka mafuta a linseed kuti thabwa liwale, papita miyezi, koma mafutawo sakuuma.

Sankanama. Thabwalo linkamata m'manja ngati ulimbo. Ubweya wa m'chikwama chosungiramo mfuti unali utakakamira thako lonse, ndipo mbali imene amayikapo tsaya panali patadindika zala zinayi zooneka bwinobwino. Timizere tosemedwa topingasana ta pogwirira, timene amisiri timati checkering, tinali titadzaziratu zinthu zabulauni zonanda, moti m'malo mogwira dzanja tinkaliteretsa.

Ndisanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, ndinayamba ndawafunsa kaye.

"Bambo, mafutawa munkapaka bwanji?"

"Ndi bulashi, amisiri. Madzulo alionse. Ndinkaona ngati thabwali lili ndi ludzu, ndiye ndinkafuna likhute."

"Osapukuta?"

"Aa, kupukutanso? Si kutaya mafuta kumeneko?"

"Nanga mfutiyi mumaiimika bwanji mukamaisunga?"

"Mmene aliyense amachitiramu. Thako pansi, mipope m'mwamba. Ndikachoka kosaka ndimathira mafuta m'mipope mokwanira ndithu, kuopa dzimbiri."

Yankho la bulashi linafotokoza kumata kuja. Koma la kasungidweli ndi limene linandiuza kuti vuto lenileni lili mkati, ndipo ntchitoyi siitha msanga.

Zimene zinali pansi pa mafutawo

Nditatsimikiza kuti mfuti ilibe chipolopolo, ndinachotsa mipope ndi kathabwa kakutsogolo, kenako n'kulekanitsa thabwa lalikulu ndi chitsulo. Mutu wa thabwa, apo limakumana ndi chitsulo, unali wakuda bii masentimita 5 kapena 6 kulowa m'mbuyo. Ndikakanikiza chikhadabo mkati mwake, chinkalowa n'kusiya chipsera. Walnut wabwino salola zimenezo. Nditaulozetsa mpweya wofunda wa makina oumitsira tsitsi, pasanathe mphindi unayamba kutuluka thukuta, timadontho takuda tonyezimira tikutumphuka m'tizibowo tonse. Amenewa sanali mafuta a linseed ayi. Anali mafuta a zitsulo a zaka zambirimbiri, amene ankatsetsereka m'mipope mfuti ikaima m'kabati, n'kudutsa m'zitsulo zamkati, n'kukafika kumutu kwa thabwa. Kumeneko n'kumene timitsempha tonse timene mtengo unkakokera madzi uli wamoyo tinadulidwa n'kutsala potseguka, choncho chilichonse chamadzimadzi chikafikapo chimamwedwa.

Chachiwiri chinali mng'alu woonda kwambiri kuseri kwa chitsulo chapamwamba, wautali masentimita ngati 2. Unkabisika m'zakudazo, koma ndikapotoza thabwa pang'ono ndi manja awiri unkatseguka n'kutulutsa kamzere ka mafuta. Zimenezi zimayendera limodzi. Pa boxlock, mphamvu yonse ya kukankha kwa mfuti ikalira imatera pa malo ochepa a kumutu. Malo amenewo akafewa ndi mafuta, chitsulo chimayamba kulowerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mpaka chimang'amba thabwa.

Chachitatu ndinachiona nditapala pang'ono chakuthako: pansi pa mafuta a bambowo panali vanishi wakale, wotha m'malo ena, wolimba m'malo ena. Ndiye kuti mafuta ambiri amene ankapaka madzulo alionsewo sankafika n'komwe pa thabwa. Ankangounjikana pamwamba pa vanishi.

Apa pafunika kufotokoza mmene mafuta amenewa amaumira, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti amauma mmene madzi amaumira. Linseed amafinyidwa ku mbewu za fulakesi, ndipo gawo loposa theka la mafutawo ndi linolenic acid. Sauluka. Amamwa okosijeni wa mumpweya, tizigawo take n'kulumikizana n'kukhala chinthu cholimba, moti akamauma kulemera kwake kumawonjezeka m'malo mochepa. Zimenezi zimafuna kuti mpweya ufike pa kadontho kalikonse. Ukapaka mochindikala, pamwamba pamachita kakhungu, kakhunguko n'kutsekereza mpweya, zamkati n'kukhala zofewa kwa miyezi. Ukawonjezanso ena mawa lake, watsekanso kawiri. Mafuta a zitsulo ndiye n'ngosiyana kotheratu: amachokera ku petroleum ndipo anapangidwa dala kuti asamaume. Akasakanikirana ndi linseed, nayenso amakanika kulimba. Choncho chakuthako mafuta sankauma chifukwa cha kuchuluka, pomwe chakumutu sakanauma ngakhale bambowo akanapaka mochepa bwanji.

Kuchotsa zakale ndi kukoka mafuta

Zomata za pamwamba zinachoka mosavuta ndi nsanza yoviika mu white spirit, mankhwala osungunulira penti, ndipo vanishi wakale ndinamufewetsa ndi mankhwala ochotsera penti n'kumupala ndi kapulasitiki kolimba. Mu checkering munalowa mswachi wakale basi. Sandipepala sanagwire thabwa pa siteji imeneyi. Kuchotsa vanishi ndi sandipepala ndi njira yachidule yodyera thabwa, ndipo thabwa la mfuti likangotsika kuposa chitsulo chimene lagundana nacho, palibenso wolibwezera.

Nthawi yambiri inathera kumutu. Ndinayamba ndi kuimika thabwa chozondoka, mutu uli m'chitini cha acetone (mankhwala osungunula mafuta, ouluka msanga) chovindikira bwino, pamalo opita mphepo, kutali ndi moto uliwonse. Acetone woyamba anasanduka wabulauni woderapo. Ndinkamusintha akada, mpaka anayamba kutuluka wachikasu pang'ono chabe. Wosadziwa angaganize kuti apa ntchito yatha, chifukwa thabwa likangotuluka mu acetone limaoneka loyera mbee. Limangonamiza. Acetone amatsuka mamilimita ochepa apamwamba, mafuta a mkati n'kumakwera pang'onopang'ono kudzadzaza malo amene atsukidwawo. Ukalisiya pofunda masiku angapo, mdima uja umabwereranso.

Chimene chimakoka a mkatiwo ndi choko choperapera. Ndimachisakaniza ndi acetone mpaka chikhale cholimbirapo chopakika, n'kumata mutu wonse kunja ndi mkati, mochindikala. Acetone amalowa n'kusungunula mafuta, ndipo akamabwerera kunja kukauluka amabwera nawo, choko n'kuwagwira. Chikauma ndimayika thabwa pamalo ofunda, osati otentha. Kutentha kumene dzanja lingapirire n'kokwanira. Uvuni sindiulola, chifukwa umaumitsa thabwa mwadzidzidzi n'kukulitsa mng'alu umene ukufuna kukonzawo. Tsiku lotsatira choko chija chimakhala chitasanduka chachikasu, pena chabulauni pamene mafuta anali ambiri, ndipo chimakuonetsa bwino lomwe pamene vuto lili. Pa thabwa ili, mzere wakuda kwambiri unkatuluka ndendende pa mng'alu paja ndi mozungulira bowo la sikuluwu yaikulu. Ndinkachotsa ndi bulashi youma n'kumatanso china. Zinatenga masabata angapo, ndipo eni ake anaimba foni kangapo konse.

"Amisiri, kodi mafuta aja mwayamba kupaka?"

"Ayi bambo, tikadachotsa kaye anu aja."

Choko chitayamba kutuluka choyera, sindinathamangire kupaka. Ndinalisiya thabwalo sabata yathunthu pofunda, lopanda kanthu. Pafupi ndi bowo la sikuluwu panatulukanso kadontho kakuda, ndipo ndinabwereza pamenepo pokha. Kudikira kumeneku n'kumene kumasiyanitsa ntchito imene idzakhalitsa ndi imene idzayambe kumata kumutu nyengo yotentha ikangofika.

Mng'alu, zipsera ndi kusalaza

Guluu wa epoxy sagwira pa thabwa la mafuta, n'chifukwa chake mng'alu unadikira mpaka apa. Ndinautsegula pang'ono ndi kamphero, n'kuthiramo epoxy wamadzimadzi wouma mochedwa, ndikupotoza thabwa uku ndi uku kuti alowe mpaka pansi. Kenako ndinamanga ndi timalamba ta mphira. Mkati, mosaoneka kunja, ndinagoneka kachitsulo ka brass kopingasa mng'aluwo. Malo a kumutu amene anafewa aja anamwa epoxy wochepa kuti alimbe, ndipo pomaliza ndinabwezera chitsulo cha mfuti, nditachipaka phula kuti chisamatirire, kuti epoxy wina wolimbirapo aumbike ndendende mmene chitsulocho chimakhalira. Tsopano mfuti ikalira, mphamvu imagawika pamalo onse m'malo motera pa ngodya imodzi.

Zipsera zinali za mitundu iwiri. Pamene thabwa linangogundidwa n'kulowa mkati, kansalu konyowa ndi nsonga ya simbi yotentha zinalitukula, nthunzi ikufufumitsa timitsempha tophwanyikato. Pamene linadulidwa ndi waya kapena mwala, nthunzi ilibe ntchito. Ziwiri zoterozo ndinazisiya, ndipo eni ake anavomera kuti zikhale.

Posalaza ndinabwezera kaye chotchinga cha kuthako kuti m'mphepete musafufutike, ndinamata tepi pa checkering, ndipo sandipepala ndinamukulunga pa kathabwa kolimba. Zala zokha zimatsata malo ofewa n'kusiya mafunde amene amadzaoneka mafuta akayamba kuwala. Ndinayambira nambala 220, kenako wosalalirapo wa 320, motsatira mizere ya thabwa nthawi zonse. Pakati pake ndinkanyowetsa thabwa ndi kansalu, likauma timaubweya tonse togona tinkadzuka, n'kutidula mopepuka. Ukapanda kuchita zimenezi, timadzuka tokha tsiku limene mfuti yanyowa koyamba. Waya wosalala uja wa steel wool sindimugwiritsa ntchito pa walnut wosapaka. Amasiya tizitsulo tosaoneka m'tizibowo, ndipo tikakumana ndi chinyezi komanso tannin wa m'thabwa timabala timadontho takuda.

Kusankha mafuta

Bambowo anabwera ndi botolo lawo, ndipo funso lawo linali lakuti kodi anawagulitsa mafuta achinyengo. Ndinadontheza pang'ono pa galasi, pambali pake n'kudonthezanso amitundu ina imene ndimasunga, n'kusiya masiku angapo. Galasi silimwa kanthu, choncho limakuonetsa chimene chili m'botolo posatengera zimene zalembedwa kunja. Dontho la mafuta enieni limauma lofewa, lamakwinya, loti chikhadabo chimalikanda. La vanishi wosungunulidwa limauma losalala ndi lolimba. Izi n'zofunika chifukwa mabotolo ambiri olembedwa dzina la mafuta a tung amakhala ndi vanishi ndi mankhwala omusungunulira, tung weniweni ali wochepa kapena mulibe n'komwe. Dontho la bambowo linauma lamakwinya mmene boiled linseed (linseed wotchedwa wophika) wabwinobwino amaumira. Mafuta analibe mlandu.

Linseed wosaphika ndi amene asilikali a Britain ankasamalira naye matabwa a mfuti za Lee-Enfield. Amalowa kwambiri, ndi wosavuta, ndipo msilikali aliyense ankatha kupaka yekha. Koma amauma mochedwa kwambiri, masiku ambiri pa kupaka kumodzi, ndipo pa thabwa limene langochira kumene ku mafuta osauma sindikanafuna kulowetsamonso mafuta ena ochedwa kulimba. Boiled linseed amauma pafupifupi tsiku limodzi. Dzinalo ndi lakale chabe: kale ankawatenthetsa pamodzi ndi mtovu, pomwe masiku ano ambiri amangothiramo mankhwala a cobalt ndi manganese ofulumizitsa kuuma. Ubwino wa linseed ndi maonekedwe. Palibe mafuta ena amene amatulutsa mizere ya walnut mozama choncho, ndipo akamakalamba amaderapo mofiirira mokoma. Kuipa kwake n'kwakuti madzi sawatchinga kwenikweni. Kafukufuku wa Forest Products Laboratory, malo ofufuzira za matabwa a ku Madison, Wisconsin, ku America, wa m'ma 1980, anasonyeza kuti thabwa lopakidwa linseed likakhala m'chinyontho sabata imodzi kapena awiri limamwa chinyezi pafupifupi mofanana ndi thabwa losapaka kanthu. Pamalo achinyezi amachitanso nkhungu.

Tung weniweni amachokera ku njere za mtengo wa tung, kwawo ku China, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse ndi eleostearic acid. Amalimba kuposa linseed, madontho a madzi sawalola msanga, ndipo sada kwambiri ndi zaka. Koma amauma osawala, amafuna kupaka kambirimbiri asanayambe kuoneka bwino, ndipo akangochuluka pang'ono amasiya zoyerayera zokhakhala. Pa mfuti ya ntchito, ya thabwa la beech kapena birch, imene mwini wake safuna za maonekedwe, ndikanasankha ameneyu mosakayika. Pa walnut uyu, amene kumutu kwake kunali kutatuwa ndi acetone, ndinkafuna mafuta obwezeretsa mtundu.

Gulu lomaliza ndi la mafuta osakaniza ndi vanishi kapena ophikidwiratu kuti azilimba msanga, monga Tru-Oil wa Birchwood Casey. Amenewa amauma m'maola ochepa, amadzaza tizibowo mofulumira, ndipo madzi amawatchinga bwino kuposa mafuta enieni onse awiri aja. Ukawaunjika amawala ngati galasi n'kukhala pamwamba pa thabwa, ndipo akakandika kukonza kwake kumaoneka.

Chimene bambowo ankafuna m'maso mwawo ndi kuwala kofatsa kumene kumaoneka pa mfuti za ku London za makampani a Purdey kapena Holland & Holland, kumene amisiri amakupeza popaka ndi chikhatho kwa masabata ambiri. Chimene ankachita ndi mfutiyo ndi kuyenda nayo mumvula. Botolo limodzi silingakwanitse zonse ziwiri, ndipo ine sindikhulupirira aliyense wonena kuti lake limatha. Ndinagawa ntchito: mafuta a vanishi osungunula alowe mkati kukatseka thabwa ndi kudzaza tizibowo, osatsalira pamwamba, kenako boiled linseed wochepetsetsa apite pamwamba ndi chikhatho kuti apereke mtundu ndi kuwala kuja. Ena amanyoza njira imeneyi, amati si yeniyeni. Mwina ali ndi mfundo pa mfuti yokhala m'kabati yagalasi. Iyi ndi yonyowa.

Kapakidwe

Mtundu unayamba. Muzu wa chomera cha alkanet ukaviikidwa mu linseed kwa masabata angapo umatulutsa mafuta ofiira amene amisiri a ku England akhala akugwiritsa ntchito kwa nthawi yaitali. Ndinapaka mochepa thabwa lonse, kumutu kawiri, n'kupukuta mpaka nsanza itasiya kutenga kanthu, ndipo ndinadikira kuti aume ndithu. Alkanet amafwifwa akakhalitsa padzuwa, ndipo ndinawauziratu eni ake.

Kenako kutseka. Ndinasakaniza mafuta a vanishi ndi white spirit muyezo wofanana, n'kuyambira kumene anthu ambiri amakuiwala: mkati mwa mutu, m'mabowo a masikuluwu, pansi pa chotchinga cha kuthako, ndi mkati mwa kathabwa kakutsogolo. Madzi ambiri amalowera m'malo amenewa, osati m'mbali mowala muja. Kuthako kunamwa kangapo konse kusanakhute. Kunja ndinanyowetsa thabwa lonse, ndikuwonjezera pamene pauma msanga, ndipo patatha mphindi 15 ndinapukuta zonse.

Walnut ali ndi tizibowo totseguka, ndipo tikapanda kudzazidwa thabwa limaoneka lothothoka ngakhale upake kangati. Ndimadzaza ndi fumbi la thabwa lomwelo. Ndimadontheza mafuta osungunula aja pamalo aakulu ngati chikhatho, n'kusalaza ali onyowa ndi sandipepala wa madzi wa nambala 320, mozungulira pang'onopang'ono, mpaka pachite matope abulauni. Matopewo ndimawapukuta mopepuka modutsa mizere, chifukwa kupukuta motsatira mizere kumawakokanso m'tizibowo. Akauma masiku awiri ndimabwereza, kenako ndi nambala 400. Poyang'ana ndimazimitsa magetsi a m'chipinda n'kuunika ndi tochi chogonera m'mbali: bowo lililonse losadzaza limaoneka ngati kadontho kamdima. Chakuthako kopotana kuja kunafuna kubwereza kuposa pogwirira. Pomaliza ndinasalaza ndi nambala 600 mpaka zonse za pamwamba zitachoka, kutsala thabwa losalala lokhala ndi tizibowo todzaza. Pa sitejiyi limaoneka lotuwa, losasangalatsa, ndipo si nthawi yabwino yoti mwini wake alione.

Tsopano linseed. Madontho awiri kapena atatu akukwana mbali yonse ya thako. Ndimawadontheza pa chala, n'kuwamwaza m'malo angapo, kenako n'kutikita ndi mnofu wa chikhatho mwamphamvu mpaka thabwa lifunde ndipo dzanja liyambe kukakamira. Likafika apo ndimapukutabe ndi nsalu yoyera yopanda ubweya. Thabwa likaoneka lonyowa pambuyo pake, ndiye kuti mafuta achuluka. M'maola oyambirira ndimabwerako kudzaona ngati tizibowo tina talavula timadontho tonyezimira. Tikapezeka ndimatipukuta tisanaume, chifukwa tikauma timafuna sandipepala. Popeza boiled linseed ali ndi mankhwala a zitsulo aja, ndimasamba m'manja ndi sopo ndikangomaliza, ndipo wa khungu losachedwa kuyabwa avale magolovesi.

Thabwa limapachikidwa pa waya, pamalo opanda fumbi koma opita mpweya, kutentha kwa madigiri 20 mpaka 25. Pakati pa kupaka kumodzi ndi kwina pamafunika maola 24 mpaka 48, koma kukakhala chinyezi wotchi ilibe ntchito. Ndimagunditsa kuseri kwa dzanja ndiponso kununkhiza. Likamagwira khungu ngakhale pang'ono, kapena fungo la mafuta aawisi likadalipo, tsiku limenelo palibe kupaka. Ndikapaka kangapo ndimatikita ndi ufa wosalala wa mwala wa rottenstone pa kansalu ka mafuta, kuchotsa zimene zayamba kuunjikana, n'kuyambiranso. Kuwala kumabwera mochedwa, kuyambira m'malo olimba a thabwa, kenako n'kufalikira.

Nsanza zonse za ntchitoyi sizigona m'chipinda. Kuuma kwa linseed kumatulutsa kutentha, ndipo nsanza zikaunjikidwa kutenthako kumasonkhana mpaka zimayaka zokha. Pa 23 February 1991, nyumba ya nsanjika 38 ya One Meridian Plaza ku Philadelphia, ku America, inapsa ndi moto umene unayambira pa nsanza za linseed zosiyidwa pa nsanjika ya nambala 22, ndipo ozimitsa moto atatu anafera pamenepo. Zanga ndimaziyanika panja imodziimodzi, zotambasula, mpaka ziume gwa, kapena ndimaziviika m'chitini chamadzi chovindikira. Zimenezi ndinawauzanso bambowo, popeza zawo ankaziponya m'katoni pansi pa tebulo.

Checkering inabwera pomaliza. Nditachotsa tepi ndinadutsa mzere uliwonse ndi kachitsulo kosemera kuti tinsonga tibwerere, n'kupaka mafuta osungunula kawiri kokha ndi mswachi, ndikukolopa mpaka m'timizere musatsale chonyezimira.

Zotsatira

Nditapaka komaliza ndinalisiya thabwa masabata atatu lisanabwerere pa chitsulo, kenako phula la carnauba lochepa pamwamba. Thabwa linatuluka losalala, louma m'manja, lowala mofatsa, mizere yopotana ya kuthako ikusintha mtundu ukalitembenuza. Kumutu kunatsalabe koderapo kuposa kwina konse. Ndikanatha kukuyeretsa ndi oxalic acid, koma iye amachotsa madontho a dzimbiri, osati mdima wa mafuta a zaka zambiri, ndipo kunyowetsanso malo amene ndinangowamata sikunali kwanzeru. Mng'alu umaoneka ngati kamzere ka thabwa kwa amene akudziwa pamene uli.

Malangizo kwa eni ake anali ochepa. Mfuti iziima mipope pansi. Mafuta a zitsulo azipaka ndi kansalu, osati kuthira. Ikanyowa aipukute n'kuisiya iume yokha kutali ndi moto, isalowe m'chikwama ili yonyowa. Linseed azipaka kamodzi kapena kawiri pachaka, madontho atatu, n'kupukuta. Mankhwala opopera okhala ndi silicone asafike pa thabwa, chifukwa amalepheretsa mafuta atsopano kugwira.

"Mipope pansi? Mfuti yoima chozondoka sindinaionepo ine."

"Muyesere chaka chimodzi chokha, bambo, muike kansalu pansi pake. Mudzaone zimene zizidonthera pamenepo."

Anabwera nayo nyengo yosaka itatha. Inali itanyowa kangapo. Pamene pamagunda tsaya kuwala kunali kutachepa, ndipo pathako panali timadontho tiwiri totuwa ta madzi, timene tinachoka ndi rottenstone ndi kupaka kumodzi. Ndinamasula thabwa kuti ndione mkati: mutu unali wouma, chikhadabo sichinalowe, ndipo mpweya wofunda sunatulutse thukuta. Mng'alu sunasunthe. Sikuluwu yaikulu inali itamasuka pang'ono, zimene zimachitika thabwa likakhazikika pa epoxy watsopano, ndipo ndinaimanganso. Kathabwa kakutsogolo kokha ndi kamene kanayamba kuda pafupi ndi chitsulo chake, chifukwa bambowo ankadonthezabe mafuta pa loko yake, choncho kanatsala kuti kamatidwe choko.